Mwana wanu walowa m'chamba kapena mapilisi? Chitani izi kaye musanathamangire kupolisi

Kuno ku Mangochi nkhani ya chamba timaikamba ngati ndi ya ana a eni, mpaka tsiku lomwe foni yasowa m'nyumba, sabata yotsatira batire ya sola, kenako ndowa ya chimanga, ndipo wakubayo simuchita kumusaka patali poti amagona nyumba yomweyo. Zikafika apa makolo ambiri amamenya, ena amathamangitsa, ena amakamusiya kupolisi eti akaphunzire. Mtima wa kholo umaphwadi kwa masiku angapo koma mwana sasiya. Nde izi ndalembera inu amene muli ndi mwana, mlongo, mng'ono wanu kapena bambo a kunyumba amene alowa m'zimenezi, kuti mudziwe poyambira ndi zoyenera kuchita zikafika kuchipatala kapena kukhoti.

Dziwani kaye chomwe akugwiritsa ntchito

Kungoti "akusuta" sikokwanira ayi. Masiku ano si chamba chokha, ndipo kasiyidwe kake kamasiyana kwambiri, china munthu atha kusiya lero lomwe osafa, china akasiya mwadzidzidzi atha kukomoka mpaka kutisiya.

Chamba ambiri timachidziwa fungo lake, maso ofiira, kuseka zosaseketsa, njala yoopsa usiku, ulesi m'mawa, timbewu ndi timapepala m'matumba a buluku mukamachapa. Mowa wa kachasu ndi midoli nawo subisika. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 koma unangosamukira m'timabotolo, mtengo wake mwana wa sukulu amaukwanitsa ndithu. Zomwe makolo ambiri sazizindikira ndi za kufamase. Pali mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine omwe anyamata amathira mu zakumwa zoziziritsa kukhosi, munthu nkumaoneka ngati akumwa Fanta chabe. Pali mapilisi a Tramadol, amene ndi opha ululu, ndi Diazepam, ena amati Valium, amene ndi ogonetsa. Wa zimenezi sanunkha kanthu, amangokhala ngati ali ndi tulo nthawi zonse, mawu amatuluka molemera, amadzikanda, amadandaula kudzimbidwa, ndipo mukasesa kuchipinda kwake mumapeza timabotolo ta mankhwala a chifuwa pomwe munthu sakutsokomola, kapena mapaketi a mapilisi otha kale. Mukapeza zotere musataye, sungani, mudzazifuna kuchipatala.

Ndiye palinso nkhani ya ku Joni, imene kuno sitingaizembe poti pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi anyamata kumeneko. Ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town kuli nyaope, imene mkati mwake muli heroin, kulinso mankhwala ena ozunguza bongo otchedwa tik. Mnyamata akabwera, makamaka uja wadzera ku Lindela, kumene amasungirako oyembekezera kubwezedwa kwawo, atagwidwa alibe mapepala, nkumaoneka wowonda, thukuta, m'mimba kupotokola, mphuno kuchucha, miyendo kuphwanya, osagona, musangoti ndi malungo a kusintha kwa nyengo. Mufunseni bwinobwino zomwe ankagwiritsa ntchito kumeneko.

Chinanso, madiredi si umboni. Pali anyamata ometa bwino ovala kanzu Lachisanu amene akumwa mapilisi, palinso a madiredi amene sakhudza kanthu. Olo khoti lalikulu ku Zomba mu 2023 linagamula kuti ana a madiredi azilandiridwa m'sukulu za boma. Yang'anani khalidwe, tulo, kadyedwe ndi ndalama, tsitsi lisiyeni.

Funsaninso kuti akuzipeza kuti ndipo chifukwa chake nchiyani, poti apa mpamene pagona nkhani. Pitani pa doko lililonse, kaya ku Msaka, ku Malembo, ku Chembe, ku Makawa kapena mbali ya Malombe, muone moyo wa alovi. Munthu wachezera usiku wonse panyanja ndi chilimira, mphepo ikumumenya, manja atupa ndi kukoka, m'mawa usipa wagulitsidwa walandira yake ya m'manja pompo, alibe akaunti, alibe woti amuwerengere, ndipo wogulitsa chamba ndi kachasu ali pa mchenga pomwepo kumudikira. Anzake amuuza kuti ukasuta sumva kuzizira ndipo mantha a mwera amatha. Wa kabaza nayenso amauzidwa kuti Tramadol amachotsa kutopa kwa msana. Mwana amene wayamba chifukwa cha ntchito yotere ndi wosiyana ndi amene wayamba mayi ake atamwalira, kapena amene walephera mayeso a Fomu 4 nkumangokhala pa sitolo tsiku lonse. Mukapanda kudziwa chomwe chamba chikumuchitira, mudzamulanda chambacho koma dzenje lake lidzatsala pompo.

Konzani pakhomo musanayankhule naye

Izi anthu amazidumpha koma ndi zofunika kuposa ulaliki. Sinthani PIN ya Airtel Money ndi Mpamba, ndipo musamutumenso kukatapa ndalama kwa ejenti. Ngati achimwene ake ali ku Joni amatumiza pa Mukuru m'dzina lake, imbani muwauze zoona, ndalama zizifikira kwa munthu wina. Akafuna sopo mugulireni sopo, akafuna fizi kalipireni nokha kusukulu mutenge lisiti, ndalama ya m'manja ayi. Mankhwala a odwala ena m'nyumba, makamaka ogonetsa ndi opha ululu, atsekeredwe. Mankhwala a makoswe ndi a mbewu nawonso achoke poonekera, ndifotokoza chifukwa chake kutsogoloku.

Kenako khalani pansi akuluakulu nokhanokha mugwirizane chimodzi. Pakhomo pambiri bambo akuti sindikupatsanso kanthu, mayi akumupatsira kuseri, anganga nawo akumasula pa nsonga ya chitenje poti mdzukulu walira. Mwana wotere amadziwa khomo lofewa ndipo adzagogoda pomwepo. Ngongole zake za kwa ogulitsa musamabweze, mukabweza kamodzi mwawauza kuti mwanayu ali ndi omulipirira, adzamukongoza zambiri. Koma ngati waba katundu wa aneba, pamenepo pitani msanga inuyo, ndi a mfumu ngati nkotheka, mubweze kapena mulonjeze kubweza, chifukwa tonse tikudziwa zomwe gulu limachita likagwira wakuba masiku ano, anthu safunsanso kuti ndi mwana wa ndani.

Kuyankhula naye

Musamuyambe ataledzera kapena atangosuta kumene, palibe chomwe chilowe ndipo mutha kumenyana. Musamuyambenso pagulu, pamaso pa azing'ono ake kapena anzake. Nthawi yabwino ndi m'mawa atadya, mutu uli bwino. Ndipo asakhale anthu asanu ndi awiri kumuzungulira ngati bwalo la milandu, awiri akwana. Kwathu kuno amalume, eni mbumba, mawu awo amalemera kuposa a bambo nthawi zambiri, nde ngati alipo amalume amene mwanayo amawapatsa ulemu, ayambe ndi iwowo. Ngati amalumewo ndi omwe amamwa naye, basi pezani wina, kaya ndi a shehe, abusa, aphunzitsi ake akale kapena mkulu wa timu yake ya mpira.

Nenani zomwe mwaona ndi maso, osati zomwe mwamva kumsika. Mwachitsanzo mayi atha kunena kuti, "Mwanawe, ndapeza mabotolo awa kuchipinda kwako, ndipo mwezi uno kunyanja wapita koma ndalama sindinaione. Sindinakuitane kuti ndikulalatire, ndikufuna undiuze kuti zinayamba liti." Mukatero khalani chete. Kukhala chete nkovuta, pakamwa pamayabwa kufuna kumukumbutsa za fizi yonse yomwe munalipira, koma mulekeni ayankhule. Adzakana, adzati ndi za mnzake, adzati aliyense amasuta, adzati chamba ndi chitsamba cha Mulungu. Musalimbane naye pa mfundo zimenezo, simupambana. Mufunseni zoti ayankhe yekha, kuti kodi pa sabata zikumuthera ndalama zingati, kodi anayesapo kusiya, zinatha bwanji, kodi tulo akugona. Ambiri anayesapo kusiya mwakachetechete nkulephera, ndipo manyazi a kulepherako ndi omwe amawapangitsa ukali.

Mawu oti chitsiru, wamisala, wotembereredwa, watichititsa manyazi, asiyeni. Komanso musaopseze zomwe simuchita. Mukati ukasutanso uchoka pano, mawa wasuta inu osamuchotsa, mawu anu atha mphamvu mpaka kale. Bola malamulo ochepa oti muwakwanitsa, monga akuti m'nyumba muno simulowa chamba, anzako osuta salowa mumpanda, ukaba tikauza a mfumu, ndipo Lachiwiri tipitira limodzi kuchipatala. Kukambirana kamodzi sikutha nkhani, mudzabwerezanso kangapo.

Kuchipatala

Anthu ambiri sadziwa kuti iyi ndi nkhani ya kuchipatala, amaganiza kuti kumeneko nkwa malungo ndi uchembere basi. Pitani pa chipatala chachikulu pa boma, kapena yambirani chomwe chili pafupi, kaya ku Monkey Bay, ku Namwera, ku Makanjira kapena ku Malindi, munene kuti mukufuna kuonana ndi oona za matenda a maganizo. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mabotolo kapena mapaketi aja munasunga. Nenani zoona zonse, kuchuluka kwake, nthawi yomwe anayamba, ndi tsiku lomaliza kumwa. Adokotala si apolisi, ntchito yawo ndi kuchiza. Akaona kuti zakula amatumiza ku Zomba Mental Hospital, ndipo dzina limeneli lisakuopseni, anthu amapita nkubwerako ali bwino. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi pulogalamu yothandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, kungoti kuchokera kuno ndi ulendo ndithu nde funsani kaye za malo ndi zolipira musanakwere basi. Ngati ndi mwana wamng'ono mutha kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana yomwe amayendetsa a YONECO, akulangizani koyambira.

Tsopano mvetsetsani apa poti mpamene mabanja amalakwitsa ndi mtima wabwino. Munthu amene wakhala akumwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa zaka, uja amanjenjemera manja m'mawa mpaka atalawako, musamutsekere m'nyumba kuti asiye lero lomwe. Pakatha tsiku limodzi mpaka atatu osamwa atha kuyamba kunjenjemera thupi lonse, kutuluka thukuta, kuona zinthu zoti palibe, kugwa ngati wakhunyu, ndipo ena amafa nazo. Chimodzimodzi wa Diazepam, amayenera kuchepetsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi achipatala. Wa codeine, Tramadol kapena nyaope akasiya amamva ululu thupi lonse, kutsegula m'mimba, kusanza, kwa masiku angapo, nthawi zambiri sizipha koma zimawawa moti ambiri amathawa kubwerera komwe kuja ngati palibe thandizo. Wa chamba yekha atha kusiya osaopa imfa, koma yembekezerani ukali, kusowa tulo, maloto oopsa ndi kukana nsima, zimakula sabata yoyamba ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu zimayamba kuzizira. Mukadziwiratu zimenezi simudabwa, ndipo iyenso muuzeni kuti asaganize kuti wapenga.

Za misala. Si aliyense wosuta amene amazungulira mutu, izi nzoona ndipo anyamata adzakuuzani kuti agogo akutiakuti asuta zaka makumi anayi ali bwinobwino. Koma amene wayamba ali wamng'ono, akusuta tsiku lililonse, makamaka ngati kubanja kuli kale matenda a maganizo, chiopsezo chake nchachikulu. Mukaona wayamba kuyankhula yekha, akuti anthu akumulondola, akumva mawu, akukana chakudya eti mwathiramo poizoni, masiku atatu osagona, musachedwe. Ndikudziwa kuti ambiri timayambira kwa asing'anga kapena ku mapemphero poganiza kuti amulodza kapena ndi majini, sindikuletsani kupemphera, dua ndi pemphero zipitirire, koma zichitike munthu ali pa mankhwala. Ndipo kumumanga unyolo pa mtengo ayi, zilonda zake ndi chidani chake sizitha msanga. Kumbukiraninso kuti kuno ndi kwa udzudzu, munthu wobwebweta thupi likutentha atha kukhala ndi malungo a m'mutu, akayezedwe tsiku lomwelo.

Ngati wayamba kunena zoti bola kufa, kapena akugawa katundu wake, musazitenge ngati nthabwala za munthu woledzera. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumupatsa maganizowo. Asakhale yekha, zingwe ndi mankhwala aja zichoke, mupite naye kuchipatala.

Mukamupeza wagwa osadzuka, mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe, musamumwetse madzi, mkaka kapena phala ali chikomokere, musamuthire madzi ozizira nkumusiya kuti agone zimuthera. Yang'anani kapumidwe. Ngati akupuma mwapatalipatali, akuliza mkonono wachilendo, milomo yasintha mtundu, pezani galimoto kapena njinga yamoto pompo. Kusakaniza mowa ndi codeine, Tramadol kapena Diazepam ndi komwe kumaimitsa mpweya. Ndipo ngati ali pa ma ARV kapena mankhwala a TB auzeni achipatala, chifukwa anthu otere amadumphitsa mankhwala osanena.

Lamulo likuti chiyani

Pali bodza lomwe lafala pa madoko ndi m'magulu a WhatsApp loti chamba chinaloledwa. Chomwe chinachitika nchoti mu 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, lolola kulima ndi kugulitsa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, kwa okhawo amene ali ndi laisensi yochokera ku Cannabis Regulatory Authority. Kusuta kuti umve bwino sikunaloledwe. Kupezeka nacho opanda chilolezo, kulima kuseri kwa bafa olo mitengo iwiri, kugulitsa, kunyamula, yonseyi ikadali milandu, ndipo lamulo lakale lija la Dangerous Drugs Act likugwirabe ntchito. Mapilisi ndi mankhwala a codeine nawo amayenera kugulitsidwa ndi chikalata cha dokotala, amene amayang'anira zimenezi ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, nde wogulitsa Tramadol pa benchi kumsika akuphwanya lamulo.

Anyamata a kabaza, madalaivala ndi makondakitala amvetse bwino apa. Chamba chambiri chimachokera cha ku Nkhotakota ndi kumpoto, chimatsika ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja kudzera ku Salima ndi Golomoti, china pa maboti, china chimalowera ku Chiponde kupita ku Mozambique. Mwini katundu sakwera nawo, amapatsira mnyamata chikwama kapena thumba lomwe pamwamba aika usipa wouma, nkumuuza kuti ukasiye pakutipakuti ndikupatsa ya mafuta kawiri. Pa rodibuloko amene amamangidwa ndi amene wapezeka nacho. Mawu oti sindimadziwa zomwe zili mkati ndi ovuta kuwatsimikiza pamaso pa majisitireti. Katundu womangidwa kale amene mwini wake akukana kuti mutsegule, komanso akulipira mopitirira mtengo, musiyeni.

Ine maganizo anga ndi oti lamuloli limagwa molemera pa osauka. Ambiri mukukumbuka mu 2022 mnyamata wina ku Blantyre atagamulidwa zaka 8 chifukwa cha chamba, nthawi yomweyo bwana wa kampani ina yayikulu atangolipitsidwa chindapusa pa mlandu wa chamba, anthu anachita kuyenda pamsewu kukwiya ndipo khoti lalikulu linadzachepetsa chilango cha mnyamatayo. Koma kudandaula za kukondera sikutulutsa mwana wanu m'selo, nde dziwani zochita.

Akamangidwa

Pitani kupolisi komwe ali, modekha, mufunse mlandu womwe akumuganizira ndi dzina la wapolisi amene akufufuza. Mutengereni chakudya, ndi mankhwala ngati ali pa mankhwala. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chomwe amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, ali ndi ufulu wa loya, ndipo afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Koma maolawo akathera pa wikendi kapena pa holide amadikira tsiku loyamba lomwe khoti likugwira ntchito, nde womangidwa Lachisanu atha kugona m'selo mpaka Lolemba, musadabwe. Ngati Chichewa sachimva bwino anene kuti akufuna Chiyao, ndipo asasayine kapena kudinda chala pa sitetimenti yomwe sanamuwerengere.

Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wina akakuuzani kuti mubweretse kangachepe kuti nkhani ithere pompano, dziwani kuti pa lamulo wopereka ziphuphu ndi wolandira onse ndi olakwa, komanso mukapereka kamodzi mwana wanu amasanduka munda, azingomugwira. Madandaulo a zotere amapita kwa mkulu wa polisiyo, ku Anti-Corruption Bureau kapena ku Independent Complaints Commission yomwe imamva madandaulo okhudza apolisi. Belo ya kukhoti ndi ina, kumeneko atha kufuna ndalama ya chikole ndi anthu omuimira okhala ndi ziphaso za unzika, ndalamayo mulipire ku ofesi ya khoti mutenge lisiti ya boma nkuisunga bwino. Ndipo inu amene mwamuimira onetsetsani kuti tsiku la mlandu wafika, akathawira ku Joni mavuto atsala ndi inu.

Ngati mulibe ndalama ya loya funsani za Legal Aid Bureau, ndi ya boma ndipo inakhazikitsidwira anthu osowa. Palinso maparalego, alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, amene amayendera maselo ndi ndende, amathandiza kufotokoza za belo ndi kayendedwe ka mlandu. Yesetsani kuti aonane ndi mmodzi mwa amenewa asanayankhe mlandu, chifukwa anyamata ambiri amangovomera poganiza kuti zithera pa chindapusa, osadziwa kuti kuchuluka kwa chamba ndi komwe kumasintha zinthu, kandudu kamodzi ndi matumba atatu khoti siliona mofanana. Apolisi amatumiza chomwe agwiracho kukayezedwa, kawirikawiri ku Bvumbwe kapena ku Chitedze, kuti atsimikize kuti ndi chambadi, ndipo lipoti lake limabwera kukhoti.

Akapezeka wolakwa amapatsidwa mpata wodandaula chilango chisanaperekedwe, ndipo mpata umenewu ambiri amauwononga ndi kungoti mundikhululukire bwana. Mukonzekeretseni. Anene ngati aka nkoyamba kupalamula, zaka zake, ngati ali pasukulu, ngati ali ndi ana kapena makolo odalira iye, ndipo ngati anayamba kale kulandira thandizo kuchipatala buku lija lionetsedwe. Malamulo athu amalimbikitsa makhoti kuganizira kaye zilango zina kwa wopalamula koyamba, monga chindapusa, chilango choimikidwa kapena kugwira ntchito yothandiza anthu osalipidwa, asanaganize za ndende. Chilango chikaoneka chopitirira muyeso pali apilo ku khoti lalikulu, musachedwe nayo poti ili ndi masiku ake.

Ngati sanakwane zaka 18 nenani msanga ndipo bweretsani umboni, kaya chiphaso cha kubadwa, buku la sikelo kapena kalata ya kusukulu. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limati mwana asasungidwe pamodzi ndi akuluakulu, kholo kapena womuyang'anira akhalepo akamafunsidwa, a ofesi ya zachisamaliro cha anthu adziwitsidwe, ndipo pa milandu ing'onoing'ono nkhani itha kupatutsidwa osafika pa kuzengedwa. Zikavuta kwambiri amatumizidwa ku malo osinthira khalidwe monga Mpemba ku Blantyre kapena Chilwa ku Zomba, osati kundende ya akulu. Ana ambiri a kuno amaoneka akuluakulu chifukwa cha ntchito ya panyanja, nde popanda pepala atha kulembedwa zaka 20.

Ndibwerere kwa aja amati ndikamusiya ndekha kupolisi akaphunzire. Ganizani kawiri. Mukangopereka nkhani m'manja mwa boma simungaibweze mmene mukufunira. Ndende zathu ndi zodzaza kwambiri, khoti lalikulu linanena kale mu 2009 kuti kuthithikana kwake ndi nkhanza, kuli TB ndi mphere, chakudya nchochepa, ndipo mnyamata amene analowa chifukwa cha ndudu imodzi amagona pafupi ndi akatswiri othyola nyumba miyezi ingapo. Akatuluka ali ndi mbiri ya mlandu pa zala zake, yomwe idzamutsata akamafuna kalata ya kupolisi ya ntchito, kulowa usilikali kapena kupita kunja. Apolisi aitaneni pamene pali chiwawa, wanyamula chikwanje, akumenya mayi ake kapena mkazi wake, akuopseza ana. Pamenepo musazengereze, ndipo pitani ku Victim Support Unit, ofesi ya kupolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, chitetezo cha ena m'nyumbamo chimabwera poyamba. Mayi amene mukumenyedwa ndi bambo oledzera, kupirira si mankhwala awo, chokani kaye mukakhale kwa abale nkhani ikambidwe muli pabwino.

Akasiya, kapena akatuluka

Apa mpamene ntchito yeniyeni imayambira ndipo mabanja ambiri amakhala atatopa kale. Munthu wasiya, thupi layera, koma wabwerera pa doko lomwe lija, anzake omwe aja, ndalama ya m'manja m'mawa uliwonse. Ngati nkotheka asinthe malo kwa miyezi ingapo, apite kwa achibale kumtunda, kaya ku Namwera kapena ku Katuli kukalima, bola kumeneko kukhale munthu wamkulu womuyang'anira osati kungomutaya. Ngati nkosatheka, gwirizanani ndi mwini boti kuti gawo la ndalama yake lizipita kwa mayi ake kapena mkazi wake kapena ku banki mkhonde, iye atavomereza. Samalani kwambiri nyengo yotseka nyanja cha mu Novembala ndi Disembala, pamene alovi ambiri amangokhala opanda chochita, komanso masiku a zisangalalo ndi maukwati. Ena amasiya bwinobwino mwezi wa Ramadan wonse, zomwe zikuonetsa kuti angathe, koma pulani ya tsiku lotsatira Eid imakhala palibe. Ikonzeni mwezi usanathe.

Tsiku lake lidzaze. Ukalipentala, kuwotcherera, kukonza njinga zamoto ndi mainjini a maboti, mpira madzulo, chilichonse chomwe chimutopetse nkumupatsa kandalama ndi anzake atsopano. Mpamba waukulu musamupatse msanga, njinga yamoto ya ngongole kwa munthu amene wasiya mwezi watha ndi kumuika pa mayesero, yambani ndi zida zogwirira ntchito pansi pa munthu wina.

Adzagwanso mwina, ambiri amatero asanasiyiretu. Zikachitika musati basi zonse zapita m'madzi, mufunseni kuti chinachitika nchiyani tsiku limenelo, anali ndi ndani, anali ndi ndalama zingati m'thumba, mutseke mpata umenewo nkubwerera kuchipatala. Koma wa codeine, Tramadol ndi nyaope muchenjezeni mwamphamvu kuti akakhala nthawi osamwa thupi limaiwala, mlingo womwe ankamwa kale utha kumupha tsopano, ndipo masabata oyamba atangotuluka kundende kapena kuchipatala ndi oopsa kwambiri pa chifukwa chimenechi.

Za wogulitsa wa m'mudzi mwanu, musapite nokha kukamuyamba, ndipo musatume anyamata kukaotcha nyumba yake, mumangidwa ndinu. Kambiranani makolo angapo, mupite kwa a mfumu ndi a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, pa doko muuzenso a komiti ya pa gombe poti iwowo ali ndi mphamvu yoika malamulo a pamalopo, kenako nkhani ipite kupolisi ngati ya gulu osati ya munthu mmodzi, kuti pasapezeke woloza chala. Amene amagula mafoni, mabatire ndi maukonde kwa ana amenewa pa mtengo wa bonya auzidwenso pa msonkhano womwewo kuti kulandira katundu wobedwa ndi mlandu paokha, ndipo mayina awo akapezeka apita limodzi kupolisi.